CHENJEZO LA ZA UMOYO NDI NYENGO ZA CHAKA MU MZINDA WA BLANTYRE

Mau onenedwa kwa mamembala pa msonkhano wa pachaka wa Bungwe



Munthu wokhala kumudzi adziwa chaka chake monga momwe adziwira bwalo la nyumba yake. Akaona mitengo ya mombo itaphuka masamba ofiira, adziwa kuti yakwana nthawi yakusosa. Akamva bingu lirikugunda kutali kumapiri, afolera denga, nasankha mbeu, nakhala wokonzeka. Koma munthu wa m'tauni awerengera chaka chake pa tsiku la malipiro ndi tsiku la lendi, kotero kuti mvula imdzidzimutsa chaka ndi chaka monga mlendo wofika usiku, ngakhale kuti ibwera m'mwezi womwewo umene inabwera chaka chatha. Nthenda ndi ngozi nazonso ziri ndi miyezi yao. Kolera, malungo, chibayo, moto ndi madzi osefukira sizifika mwachisawawa ai; chiri chonse chiri ndi nyengo yake, ndipo Boma lichenjeza anthu nyengoyo ikayandikira. Chobvuta nchakuti chenjezolo kawirikawiri lifika m'khutu la munthu amene sadziwa chochita nalo. Cholinga cha mau awa ndicho kutsata chaka chonse cha mzinda uno, kuti membala ali yense akamva chenjezo pa wailesi adziwe chimene linena, ndi chimene ayenera kuchita tsiku lomwelo.

Poyamba nkoyenera kukumbukira momwe mzindawu unakhalira. Blantyre anayamba ngati malo a Mishoni ya ku Scotland m'chaka cha 1876, ndipo m'chaka cha 1956 anaphatikizidwa ndi Limbe kukhala tauni imodzi. Pa kalembera wa chaka cha 2018 munapezeka anthu ngati 800,000. Khamu lonseli likhala pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe, ndipo popeza malo abwino omangapo ngochepa ndi okwera mtengo, ambiri amanga m'mbali mwa mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje ya Mudi, Nasolo, Naperi ndi Likhubula. Madzi ambiri a m'mipopi achokera ku Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita ngati 40, ndipo akwezedwa chitunda chonsecho ndi makina a magetsi. Mipopi ikauma, kapena ndalama yogulira madzi pa kiyosiki ikasowa, mai atsikira ku chitsime cha m'dambo. Kuthithikana kwa anthu, kutsetsereka kwa malo ndi kubvuta kwa madzi ndiyo mizu ya machenjezo ambiri amene mzinda ulandira.

KUMENE CHENJEZO LICHOKERA

Chenjezo la nthenda lichokera ku Unduna wa za Umoyo, kudzera ku ofesi ya za umoyo ya boma la Blantyre ndi ku Khonsolo ya Mzinda. Chenjezo la mvula yamphamvu, mphepo ndi kutentha lichokera ku nthambi ya Boma yoona za nyengo, imene likulu lake liri mu Blantyre momwemuno. Ndipo nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndiyo iuza anthu pamene ayenera kusamuka. Mau ao afika pa wailesi, pa kanema, m'nyuzipepala, pa lamya za m'manja, ndiponso pakamwa pa alangizi a za umoyo, mafumu, abusa ndi mashehe.

Koma lamya yomweyo imene inyamula chenjezo loona inyamulanso bodza, ndipo bodza lithamanga koposa. Pa mliri wa COVID-19, umene unafika m'Malawi mu Epulo 2020, ndi pa mliri wa kolera umene unatsatira, kunamveka mphekesera zakuti achipatala ndiwo abaya anthu nthenda, ndipo odwala ena anasungidwa m'nyumba kufikira atafa. Chenjezo loona lizindikirika chotere: litchula ofesi imene yalitulutsa, tsiku limene laperekedwa, dera limene likhudzidwa, ndi chimene munthu achite. Uthenga wopanda mwini ndi wopanda tsiku, wongoopsa anthu ndi kuwauza kuti autumize kwa anzao, membala asaupititse pena. Ayambe wafunsa kwa mlangizi wa za umoyo wa m'dera lake.

DZINJA: KOLERA NDI NTHENDA ZA M'MADZI

Mvula iyamba kawirikawiri mu Novembala nipitirira kufikira Epulo, ndipo nthenda yoopsa koposa ya miyezi imeneyi ndiyo kolera. Inaoneka koyamba m'dziko lino m'chaka cha 1973, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikubwerabwera. Mliri wa 2001 ndi 2002 unapha anthu pafupifupi 1,000. Waukulu koposa yonse unayamba ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wotchedwa Ana, amene mu Januwale chaka chomwecho anaononga zimbudzi ndi zitsime m'chigawo cha kumwera. Umenewo sunaleke m'malimwe monga ichitira miliri ina, koma unayenda m'maboma onse. Pa 5 Disembala 2022 Boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi ya za umoyo, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe anachedwa kutsegulidwa kwa milungu iwiri. Pamene mliriwo unazirala, odwala anali atafika pafupifupi 59,000, ndipo akufa anapitirira 1,700.

Madotolo anena kuti pamene odwala kolera alandira chithandizo msanga, akufa sakwana mmodzi mwa anthu 100. Pa mliri uja anafa atatu mwa 100 ali onse, ndipo chimodzi mwa zifukwa zazikulu za kusiyanako chinali kuchedwa. Kolera apha pakumaliza madzi m'thupi. Munthu atsegula m'mimba chimbudzi chamadzi choyererako ngati madzi otsukira mpunga, asanza, minofu ya miyendo ikokana, maso alowa m'kati, ndipo munthu wamphamvu amene anadzuka bwino m'mawa akhoza kufa dzuwa lisanalowe. Ambiri achedwa chifukwa cha manyazi, pakuti nthenda ya m'mimba siinenedwa pagulu, makamaka ndi bambo wa ulemu wake kapena mpongozi; komatu akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ena achedwa poyembekeza kuti kuche, popeza usiku kulibe galimoto kapena ndalama yolipirira.

Munthu akangoyamba kutsegula m'mimba chamadzi, ayambe pomwepo kumwa madzi a mchere ndi shuga. Paketi imodzi ya Thanzi ORS isungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Paketi ikasowa, mu lita imodzi muikidwe masupuni ang'ono 6 a shuga, osalazidwa pamwamba, ndi theka la supuni yomweyo la mchere. Mchere ukachuluka uononga, makamaka kwa mwana. Lita ndiyo mabotolo awiri a madzi ogula aja a theka la lita. Wodwala amwe pang'onopang'ono kosalekeza, ngakhale asanze, ndipo amwe ali pa ulendo wa kuchipatala, pakuti madziwo salowa m'malo mwa ulendowo. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Kachirombo ka kolera kakhala m'chimbudzi cha munthu, ndipo kalowa mwa mnzake kudzera pakamwa, m'madzi, m'chakudya kapena m'manja. Mvula ikachuluka, zimbudzi zokumba zidzala ndi kusefukira, ndipo zonyansa za nyumba ya kumtunda zitsikira m'chitsime cha nyumba ya kumunsi. Chifukwa chake madzi akumwa awiritsidwe kufikira atabwadamuka, kapena athiridwe klorini monga mwa muyeso wa alangizi, ndipo papite mphindi 30 asanamwedwe. Madzi ooneka oyera akhoza kukhala ndi nthenda, pakuti kachiromboko sikaoneka ndi maso. Ndiponso madzi abwino aipitsidwa m'nyumba momwemo, pamene kapu imodzi itungira mu ndowa ndi kumwera; pakhale kapu yotungira ya chogwirira ndi ina yomwera, ndipo ndowa ikhale yobvindikira. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, kutali mamita 30 kapena kupitirira, chikhale ndi chobvindikira pa dzenje, ndipo zonyansa za khanda zitayidwe momwemo, pakuti nazonso zinyamula nthenda.

Pali miyambo iwiri yabwino imene iyenera kupindika pa nthawi ya mliri. Woyamba ndi wa kusamba m'manja m'beseni limodzi, akulu poyamba ndi ana potsiriza. Ulemu wake ngwabwino, koma mwana wamng'ono, amene ali wofooka koposa onse, ndiye asamba m'litsiro la banja lonse. Madzi athiridwe kuchokera m'jagi, munthu ali yense ndi sopo, ndipo ulemu usungidwe pakuthirira akulu poyamba. Wachiwiri ndi wa maliro, ndipo ukhudza Bungwe lino kwambiri, popeza lithandiza mamembala pa zobvuta. Mtembo wa munthu wofa ndi kolera ukhala ndi tizirombo tochuluka. Sukhudzidwa kapena kusambitsidwa ndi abale ndi adzukulu monga mwa masiku onse. Achipatala ndiwo aukonza ndi klorini, ndipo uikidwa msanga. Kuphika nsima ya khamu pa maliro otere, ndi kusambitsa manja a anthu zana m'beseni limodzi, kwabala maliro ena pambuyo pake. Nzowawa kwa ofedwa kuti asatsazikane ndi mbale wao monga mwa mwambo, ndipo nchifukwa chake mau amenewa ayenera kunenedwa tsopano, kusanagwe zobvuta, kuti pa tsikulo asaoneke ngati nkhanza ya achipatala.

Katemera wa kolera wakumwa, amene Boma lipereka pa mliri, athandiza ndithu. Koma mphamvu yake itha patapita nthawi, ndipo wolandira katemerayo ayenerabe kusamala madzi ake.

Mbale wake wa kolera ndiye taifodi, amene ayenda njira yomweyo ya madzi ndi chakudya koma abwera mwakachetechete. Thupi litentha masiku ambiri, mutu ndi m'mimba mupweteka, ndipo ambiri amuyesa malungo nagula mankhwala pa golosale kufikira matumbo atabooka. Odwala taifodi anayamba kuchuluka pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira chaka cha 2011, ndipo mankhwala akale sanagwirenso nchito pa ambiri a iwo. M'chaka cha 2018 ana ngati 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano, amene anaonetsa kuti ateteza ana ngati 80 mwa 100, ndipo mu Meyi 2023 katemerayo anaperekedwa m'dziko lonse. Ana a mzinda uno ndiwo anatsegula njira imeneyo, ndipo kungakhale kulakwa kuti ang'ono ao asatengedwe kusikelo kukalandira.

MALUNGO

Malungo achuluka kuyambira Januwale kufikira Epulo ndi Meyi, pamene udzudzu waswana m'zithaphwi, m'maenje oumbira njerwa ndi m'madimba a m'mphepete mwa mitsinje. Udzudzu wopereka malungo uluma usiku, chifukwa chake neti yonyikidwa m'mankhwala ndiyo chishango choyamba, ndipo malo ake ndi pa mphasa ya ana ndi ya mai woyembekezera, osati pa khola la anapiye kapena pa mpanda wa dimba. Kutentha thupi kuli ndi zifukwa zambiri, kotero wodwala ayezedwe magazi tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Akapezeka ndi malungo amwe mankhwala a LA, amene dziko lino linayamba kugwiritsa nchito m'chaka cha 2007, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, osasiyira pa njira kuti otsala asungire wina. Akuluakulu akumbukira klorokwini, amene anali mankhwala amphamvu kufikira tizirombo tinamzolowera, ndipo Malawi anamsiya m'chaka cha 1993. Mwana akayamba kuphupha kapena kukomoka, akakana kuyamwa, akasanza chiri chonse, kapena zikhato zake zikayera, ameneyo ngwa kuchipatala ora lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.

MADZI OSEFUKIRA NDI KUGUMUKA KWA MAPIRI

Akale anali nalo dzina la ngozi imeneyi. Anaitcha Napolo, njoka yaikulu yokhala pansi pa phiri, imene posamuka ikokolola miyala, mitengo ndi midzi. A ku Zomba anaiona mu Disembala 1946, ndipo a ku Phalombe anaiona mu Malichi 1991. Blantyre analandira madzi oononga mu Januwale 2015 ndi mu Malichi 2019, koma chachikulu chinafika ndi namondwe wotchedwa Freddy mu Malichi 2023. Mvula inagwa masiku angapo osalekeza, ndipo pa 13 Malichi matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche nizikwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'chigawo chonse cha kumwera anthu akufa pamodzi ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Chimene chichitika m'phiri nchakuti dothi limwa madzi kufikira litalemera. Pamene mitengo yoligwira inatha ndi makala ndi nkhuni, ndi pamene anthu adula phiri kuti apeze pomanga, dothilo lisiyana ndi thanthwe la pansi pake niliyenda lonse pamodzi, ndipo liwiro lake munthu sangalipose ndi miyendo. Koma phiri lipereka zizindikiro: mvula yosadukiza masiku awiri kapena atatu, ming'alu yatsopano pansi kapena m'zipupa, mitengo ndi mapolo opendekeka, madzi otumphuka pamene panalibe kasupe, mtsinje wosanduka matope mwadzidzidzi kapena wophwa mvula irikugwa, ndi mkokomo wochokera kumtunda.

A zanyengo analengeza za Freddy masiku angapo asanafike, ndipo ambiri anamva. Amene anakhala m'nyumba zao anali ndi zifukwa zao. Wina anaopa kuti akachoka akuba atenga katundu amene anamsonkhanitsa zaka zambiri. Wina analibe kopita. Wina anali ndi nkhalamba kapena wolumala amene sakadatha kumnyamula yekha. Wina anati chenjezo lotere linamvekapo kale ndipo sipanachitike kanthu. Zifukwa zonsezi nzenizeni, ndipo sizithetsedwa usiku mvula irikugwa; nthawi yake ndi Okutobala. Banja liri lonse lokhala m'mbali mwa phiri kapena m'khwawa lipangane, mvula isanayambe, za kumene lidzathawira, kaya kwa mbale, kaya ku sukulu, tchalitchi kapena mzikiti wa pamalo okhazikika, ndi za njira yosaoloka mtsinje imene lidzadzera. Ziphaso, timabuku ta kuchipatala, ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, zikhale pamodzi m'jumbo yomanga bwino, pamalo ofikirika mumdima. Lamulo lakusamuka likaperekedwa, banja lichoke kukali koyera. Wobwerera m'mawa napeza nyumba yake iri chiriri asachite manyazi, ndipo anzake asamseke, pakuti wosekedwa lero sadzachokanso tsiku la ngozi yeniyeni.

Palinso ngozi zina za dzinja zimene zipha anthu chaka chiri chonse popanda kulembedwa pa tsamba loyamba la nyuzipepala. Chipupa cha zidina chikanyowa m'munsi chigwera ogona. Ngalande ikumbidwe kuzungulira nyumba, ndipo mphasa ichotsedwe pafupi ndi chipupa chonyowa. Madzi othamanga ofika m'maondo akhoza kugwetsa munthu wamkulu. Mwana wa sukulu auzidwe kuti kuchedwa kufika kwao chifukwa chodikira Nasolo kapena Mudi kuti aphwe si mlandu. Waya wa magetsi wogwa pansi asakhudzidwe, ngakhale madzi amene wagweramo. Pa mphenzi munthu asabisale pansi pa mtengo woima wokha, ndipo woombedwa ndi mphenzi akhoza kugwiridwa ndi kuthandizidwa popanda choopsa. Bowa wosadziwika bwino asalowe mumphika, pakuti woopsa koposa sayamba kupweteka m'mimba msanga, ndipo kuphika sikuchotsa ululu wake.

NYENGO YOZIZIRA

Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti mzinda uzizira, makamaka masiku a chiperoni, mphepo ya nkhungu ndi mvula yowaza imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique. Ngozi yaikulu ya miyezi imeneyi ndiyo mbaula ya m'nyumba. Makala oyaka m'chipinda chotseka atulutsa mpweya woipa wopanda pfungo ndi wosaoneka, umene ulanda malo a mpweya wabwino m'magazi. Mutu uyamba kupweteka, chizungulire chigwira, tulo tifika, ndipo banja lathunthu lipezeka m'mawa litagona kosadzukanso. Makala ofiira osatulutsa utsi ndiwo anyenga koposa. Mbaula itulutsidwe panja anthu asanagone. Wopezeka atafooka m'chipinda chotere atulutsidwe kumphepo msanga, zitseko ndi mazenera zitsegulidwe, ndipo atengedwe kuchipatala ngakhale atatsitsimuka.

Ndi nyengo yomweyonso imene ana apsa ndi moto, phala ndi madzi otentha, pamodzi ndi odwala khunyu ogwera pamoto pakuotha. Bala la moto lithiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, kenaka liphimbidwe ndi nsalu yochapa. Dzira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano ndi zitsamba zosinja zingoonjezera mafinya. Kandulo isasiyidwe yoyaka m'nyumba yokhoma muli ana.

Chibayo chidziwika ndi kupuma mofulumira, ndi kulowa m'kati kwa chifuwa pamene mwana akoka mpweya. Mai amene aona zimenezi asayembekeze kuti chimfine chithe chokha. Munthu wamkulu wotsokomola milungu iwiri, wotuluka thukuta usiku ndi woonda, akapereke makhololo kuti ayezedwe chifuwa chachikulu. Nthenda imeneyi ichizika ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo m'zipatala za Boma aperekedwa kwaulere. Koma m'chipinda chimodzi chotseka mazenera chifukwa cha kuzizira, wodwala mmodzi akhoza kupatsira onse ogona naye.

Mvula ikatha ndi nthawi yabwinonso yakubayitsa agalu katemera wa chiwewe. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi a za ziweto a Boma, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda uno pasanathe mwezi umodzi, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika kuchipatala ndi chiwewe anachepa. Wolumidwa kapena wokandidwa ndi galu atsuke balalo ndi sopo ndi madzi othirira kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera, pakuti zizindikiro za chiwewe zikangoyamba kuoneka palibe dotolo angamchize. Ana ambiri abisa bala poopa kukalipidwa; makolo awauze kuti wolumidwa ndi galu sakwapulidwa.

MALIMWE

Seputembala, Okutobala ndi chiyambi cha Novembala ndiyo miyezi ya dzuwa, pfumbi ndi kusowa madzi. Ogwira nchito padzuwa, monga omanga, akabaza ndi ogulitsa m'misika, pamodzi ndi makanda ndi nkhalamba, ndiwo abvutika koposa ndi kutentha. A zanyengo akalengeza kutentha kopitirira muyeso, munthu amwe madzi asanamve ludzu, napumule pamthunzi dzuwa liri pamutu. Ndipo wosokonezeka mutu ndi kutentha agonekedwe pamthunzi, athiridwe madzi, natengedwe kuchipatala. Ndiwo ndi nsima zogona zibvunda msanga, ndipo zifunika kubwezedwa pamoto kufikira zitatentha ndithu zisanadyedwe. Mango akayamba kupsa nchenche zichuluka, kotero chipatso chitsukidwe chisanapatsidwe kwa mwana. Madzi akachepa m'nyumba, choyamba kusiyidwa ndicho kusamba m'manja, ndipo mphere, nthenda za maso ndi za m'mimba zitsatira. Anyamata osambira m'madamu ndi m'maenje a miyala amira, kapena atenga likodzo.

Komanso malimwe ndiyo nyengo imene nchito ya dzinja ichitika. Ngalande zodzala ndi majumbo ndi zinyalala zifukulidwa kukali kouma. Chimbudzi chodzala chipopedwa, kapena china chikumbidwa dothi lisananyowe. Malata akhomedwa, maenje akwiriridwa, neti yong'ambika isokedwa. Wodikira Januwale adzachita zonsezi ali m'matope.

Palinso machenjezo osatsata nyengo. Chikuku cha m'chaka cha 2010 chinagwira anthu oposa 130,000 m'dziko lino, ndipo mu Febuluwale 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo wa mtundu umene unaoneka komaliza m'Malawi m'chaka cha 1992. Akatemera akafika pakhomo, kapena akaitana ku sukulu, khomo litsegulidwe, ndipo ngati pali chokaikitsa, chifunsidwe poyera.

GAWO LA BUNGWE

Chenjezo la Boma lilekera pa wailesi. Kuchokera pamenepo kufika pa mphasa ya nkhalamba yogona yokha kuseri kwa msika, liyenera kunyamulidwa ndi munthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Bungwe lino ndilo gulu la anansi. Motero pali zinthu zimene lingachite popanda kudikira wina.

Nthambi iri yonse isankhe munthu mmodzi kapena awiri odziwana ndi mlangizi wa za umoyo ndi mfumu ya dera, amene nchito yao ikhale kutsimikiza chenjezo ndi kulifikitsa khomo ndi khomo. Mlembi wa nthambi alembe maina a okalamba, olumala, odwala nthawi yaitali ndi amai oyembekezera, ndipo pa dzina liri lonse palembedwe mnansi amene adzamtulutsa tsiku la ngozi. Akuluakulu a nthambi akambirane ndi oyang'anira sukulu, matchalitchi ndi mizikiti za malo othawirako, ndiponso ndi a chitetezo cha m'madera za kuyang'anira katundu wosiyidwa, kuti mantha a akuba asasunge munthu pansi pa phiri. Msungichuma apatule ndalama pang'ono ya galimoto ya usiku, kuti wodwala kolera kapena mwana wokomoka asadikire kucha; ndipo mapaketi a ORS ndi klorini zikhale kwa munthu wodziwika ndi onse. Mamembala amene ali eni nyumba za lendi aganizirepo pa chimbudzi chimodzi chimene mabanja asanu kapena khumi agwiritsa nchito, pakuti nthenda yoyambira kwa wa lendi siilekera pa mpanda wa mwini nyumba. Ndipo Loweruka limodzi la mu Okutobala likhale la makasu ndi mafosholo, nthambi zonse tsiku limodzi.

Thumba la Bungwe lathandiza mabanja pa maliro, ndipo nchito imeneyo njolemekezeka. Komatu mtengo wa bokosi limodzi ukhoza kugula klorini, sopo ndi mapaketi a ORS okwanira mabanja ambiri dzinja lathunthu. Nkhani imeneyi ikambidwe m'nthambi zonse, ndipo zimene zapanganidwa zifike ku Komiti mwezi wa Seputembala usanathe, kuti mvula yoyamba idzapeze dera liri lonse liri ndi munthu wake wonyamula chenjezo, ndandanda wake wa maina, ndi kothawira kwake.